Khungu la Wophika Buledi

Pachipatala chija onse ankawatcha a Mlezi, ndipo dzina lawo lenileni linkangokhala pa kakhadi ka pachifuwa. Sanalerepo mwana wa munthu aliyense pamalopo ayi. Iwo ankalera khungu. Ngati mukufuna kuseka sekani, nawonso apongozi awo anaseka mpaka kutsamwa tsiku limene anamva za ntchitoyi. Koma ndi zoona: m'chipinda cha kumapeto kwa khonde, kuseri kwa zitseko ziwiri, a Mlezi ankameretsa khungu la anthu m'mabotolo.

Analowa m'chipindamo ali mtsikana, ntchito yawo ili yotsuka mabotolo. Sukulu inawathera panjira, koma manja anali nawo. Wofufuza wina wachikulire, amene anayambitsa labuyo, anaona kuti botolo lotsukidwa ndi mtsikanayu silibweretsa mavuto, ndipo anayamba kumuphunzitsa pang'onopang'ono, lero kuyeza madzi, mawa kusuzumira pa mayikulosikopu. Wachikulireyo anapuma ntchito. Madokotala achinyamata ankabwera ndi mapepala awo n'kuchoka ndi mapepala okulirapo, koma a Mlezi anatsala pampando womwewo zaka makumi awiri ndi zitatu. Mayina a enawo ankatuluka m'mabuku a kafukufuku. Lawo linkatuluka pa mndandanda wa obwera Lamlungu.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Munthu akapsa kwambiri, moti pathupi palibenso malo oti n'kusendapo khungu lokamata pabala, dokotala ankadula kachikopa kakang'ono ngati sitampa, kukhwapa kapena pena pamene moto sunafike. A Mlezi ankakasungunula ndi mankhwala mpaka katasanduka maselo, tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, n'kuwafesa m'mabotolo afulati okhala ndi madzi ofiirira. Mabotolowo ankagona m'kabati yofungatira, yofunda ndendende ngati thupi la munthu. Madzi aja ndiwo anali chakudya. Akayamba kuchita chikasu ndiye kuti ana adya, ndipo a Mlezi ankawapopa n'kuthira atsopano. Ankadumphitsa tsiku limodzi lokha, kaya ndi holide, kaya kwagwa maliro. Pakatha masabata atatu, pansi pa botolo pankayala kakhungu kopyapyala ngati pepala lonyowa, koti n'kukayala pabala la mwini wake. Masabatawo sankachepa. Fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo maselo sadziwa kuti dokotala ali pachangu.

Adani a ntchitoyi anali tizilombo, chuku, ndipo wamkulu wa onse anali yisiti, yemwe uja wofufumitsira buledi. Kakangolowa kamodzi m'botolo kamalanda chakudya, n'kuswana, n'kupha zonse. Ndiye moyo wa a Mlezi unapindikira komweko. Mphete sankavala. Zikhadabo ankawenga mpaka pamnofu. M'nyumba mwawo munalibe duwa la mumphika, ndipo lalanje likangoti lafewa mbali imodzi linkapezeka kunja. Ufa wa buledi sankakanda, m'bekale sankaponda, moti wogula buledi pakhomopo anali amuna awo, dalaivala wa basi wopuma ntchito, munthu wa pakamwa posauma.

"Akazi angawa," ankatero bamboyo alendo akabwera, "ndikawapatsa moni wa m'manja amathamangira sopo. Ana anayi aja sindidziwa kuti tinawapeza bwanji."

"Inu abambo, manyazi munasiya kuti?" ankayankha a Mlezi, koma nawonso akuseka.

Analinso ndi zizolowezi ziwiri zimene palibe buku linawaphunzitsa. Choyamba, pa wodwala aliyense ankapatula kabotolo kamodzi kakang'ono n'kukaika m'kabati ina, pashelefu yapansi, ndipo ankakadyetsa tsiku losiyana ndi enawo. Ankakatcha ka mbewu. Madokotala achinyamata ankati n'kuwononga madzi, iwo n'kungoti mlimi sakazinga mbewu yonse. Chachiwiri, ku wodi ya opsa sankapita. Botolo linkabwera ndi nambala, ndipo nambala ilibe nkhope, ilibe ana. Anthu ankati a Mlezi ndi ouma mtima. Chenicheni chinali chakuti mtima wawo unali wofewa kwambiri, ndipo ankadziwa kuti munthu akamanjenjemera manja amatayitsa madzi.

Nambala 58 inabwera ndi dokotala wa opsa mwini wake, mnyamata wamtali wosakonda kukhala pansi. Tsikulo anakhala.

"Amayi, uyu ndiye tili naye pampikisano," anatero. "Uvuni wa gasi unamuphulikira. Msana, chifuwa, mikono, zonse zili poyera. Tamuphimba ndi mabandeji, koma bala lalikulu chonchi tizilombo sitichedwa kulowa. Akapirira masabata atatu, mwina tingamupulumutse."

"Masabata atatu ndi atatu, adokotala."

"Ndikudziwa amayi. Ndangoti mudziwe."

A Mlezi anafesa mabotolo khumi ndi awiri, kuphatikiza ka mbewu pambali. Maselo anagwira bwino, ankakula ngati akudziwa kuti akudikiridwa. Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi, lomwe linali Lachisanu, tizilumba ta maselo tinali titayamba kugundana, ndipo a Mlezi anadzuka mtima uli myaa.

M'mawa umenewo, pakhomo lolowera ku labu, anapeza mzimayi wa zaka ngati makumi atatu ataima, epuloni ikuonekera pansi pa jekete, ufa uli m'nsidze. Wina ku wodi ayenera kuti anamutsina khutu.

"Pepani amayi, kodi ndinu amene mukusunga khungu la bambo a kwathu?"

"Ine ndimangoona manambala, mwanangu."

"Ophika buledi aja. Bedi ya pawindo."

Basi, nambala 58 inapeza bedi ndi windo, inapezanso mkazi. A Mlezi anaima.

"Likukula?" anafunsa mzimayiyo.

"Likukula."

"Zoona? Simukungondilimbitsa mtima?"

"Ine sindilimbitsa anthu mitima, mwanangu, si ntchito yanga. Ndati likukula, ndipo likukula bwino."

Mzimayiyo anangoti gwa, manja a a Mlezi onse awiri, kenako n'kuwagwera paphewa, kulira kuli mbwembwembwe. Anafotokoza molira kuti chipsereni amuna ake ndi iye amene amakanda ufa mbandakucha n'kukaphika mu uvuni wa aneba, chifukwa ana amafuna kudya, ndipo kuti chiyambire palibe amene anamuuzapo mawu abwino. A Mlezi anamva fungo la yisiti. Anaona ufa wokanda utaumira m'zikhadabo za mzimayiyo, wina uli pamkono wa jekete, ukukhudza juzi lawo. Mutu unawauza zonse nthawi yomweyo. Koma munthu akulira paphewa pako umamukankha bwanji? Anamusisita kumsana mpaka atatonthola.

Atalowa mkati anasamba mpaka m'zigongono katatu, anadzipopera sipiriti, anavala magolovesi, chophimba pakamwa ndi chovala choyera chochapa. Juzi lija sanavule. Analiganizira ndithu, musati sanaliganizire. Koma m'chipindamo mumazizira ngati mufiriji, chifuwa cha munthu wa zaka makumi asanu chimavuta, ndipo chovala choyera chinali chitaphimba zonse kupatula kakolala. Anadyetsa mabotolo khumi ndi awiri aja, onse kuchokera mu botolo limodzi la madzi, monga mwa masiku onse. Ka mbewu tsiku lake linali Loweruka.

Lamlungu m'mawa anali okha m'nyumba yonseyo. Amati tsoka silinunkha, koma ili linawalonjera ndi fungo atangotsegula kabati, fungo la ufa wofufuma. Madzi ofiirira aja anali atasanduka achikasu, a mbuu ngati otsukira mpunga. Anatenga botolo loyamba n'kuliika pa mayikulosikopu, ngakhale panalibenso chofufuza. Timibulu ta yisiti tinali ponseponse, tikuphukirana, maselo atakwinyika pakati pake. Anayang'ana lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza, akuyembekezera kuti mwina limodzi lapulumuka. Anakhala pansi pa simenti, zimene sanachitepo m'chipindamo.

Dokotala anabwera ali m'zovala za kutchalitchi. A Mlezi sanabise kanthu. Anamuuza za mzimayi, za zikhadabo, za juzi.

"Amayi, yisiti ali ponseponse," anatero dokotalayo. "Bamboyu wakhala mu ufa zaka khumi ndi zisanu. Mwina anabwera ndi kachikopa komwe kaja. Mwina ndi kabatiyi. Sitidzadziwa."

"Nanga ka mbewu bwanji kali bwinobwino? Si chikopa chomwecho?"

Dokotala anayang'ana pansi. Kenako anafunsa kuti kuchokera pa kabotolo kakang'onoko pangatenge masiku angati.

"Khumi ndi asanu ndi limodzi."

"Sizingachepe?"

"Zikanakhala za manja anga, adokotala, ndikanagona momuno."

Mnyamatayo anadzipukuta kumaso ndi manja onse awiri n'kutuluka osatseka chitseko.

Madzulo ake amuna awo anapeza juzi lija m'bini ya kukhitchini. Linali la mphatso, lochokera kwa mwana wawo woyamba. Analitola n'kulikutumula.

"Kodi talemera liti kuti tizitaya majuzi?"

Ataona nkhope ya akazi awo, nthabwala inafera pakamwa. Anakoka mpando n'kumvetsera nkhani yonse osadula mawu, zomwe kwa iwo zinali zachilendo.

"Koma mayi," anatero pomaliza, "mukanamukankha mkazi wa eni akulira, ine ndikanakudabwani."

"Akanalira tsiku limodzi lokha," anayankha a Mlezi.

Bamboyo anabweza juzi lija m'bini n'kukatenthetsa tiyi amene palibe anamwa.

Mzimayi uja ankabwerabe m'mawa uliwonse. Tsopano a Mlezi ankaima patali, mapazi atatu, manja ali kumbuyo. Zinkawapweteka, koma panalibe kuchitira mwina, chifukwa mbewu yotsala inali yomweyo.

"Adokotala akuti lachedwa," anatero mzimayiyo Lolemba.

"Lachedwa, mwanangu. Koma likukula."

"Kodi ndinakulakwirani, amayi? Masiku ano mukuchita ngati mukundithawa."

"Ayi. Ndili ndi kachimfine, ndingakupatsire, iwe n'kukapatsira odwala."

Bodza limenelo linawalemera tsiku lonse. Kumuuza zoona kukanakhala kumusenzetsa mwala umene sakanautula moyo wake wonse. Kusamuuza kunali kuima pamaso pake m'mawa uliwonse ngati munthu wabwino. Mzimayiyo ankabweretsa buledi wotentha m'pepala, ndipo a Mlezi ankamuuza kuti asiye pabenchi. Alonda a pageti ananenepa sabata imeneyo.

Ankabweretsanso nkhani za ku bedi ya pawindo, zimene a Mlezi anazithawa zaka makumi awiri ndi zitatu. Lero amwa phala. Lero afunsa ngati uvuni wakonzedwa. Tsiku lina anafika akumwetulira.

"Ndinawafotokozera za kabati yanu yofunda ija. Akuti ndiye kuti ndinu mnzawo pantchito. Akuti muziyang'anira lisapserere, chifukwa iwo chiyambire buledi sanapserezepo."

A Mlezi anaseka, kenako analowa m'chimbudzi n'kulira mwakachetechete, madzi a pampopi akuthira kuti asamveke.

Sabata yachiwiri nkhani zinasintha. Thupi latentha. Sakuzindikira bwino anthu. Awasinthira mankhwala kachitatu. Mzimayiyo anasiya kufunsa ngati likukula, ankangofunsa kuti kwatsala masiku angati, ndipo a Mlezi ankayankha nambala, asanu ndi awiri, asanu ndi limodzi, ngati wowerengera mkaidi. M'labu ankachita zonse zimene munthu angachite, zomwe sizinali zambiri. Ankasuzumira pa mayikulosikopu kawiri patsiku, ngakhale kuyang'ana sikukulitsa kanthu. Lamulo lawo lomwe linali lakuti pogwira mabotolo munthu sayankhula, koma ankapezeka akunong'ona kuseri kwa chophimba pakamwa, "Fulumirani ana inu, bambo wanu akudikira." Maselo ankangokula pa liwiro lawo lomwelo.

Lachitatu la sabata imeneyo a Mlezi anayang'ana kalendala n'kutembenuka msanga. Linali tsiku limene khungu loyamba lija likanakhwima.

Lachisanu pakhomo panalibe munthu. Loweruka chimodzimodzi. Foni inali pafupi ndi chigongono chawo, nambala ya ku wodi ankaidziwa pamtima, koma sanaimbe. Anadziuza kuti mwina mwana wadwala, mwina ufa wasowa. Ku wodinso palibe anakumbukira kuimba, poti kumeneko amakumbukira labu akafuna kanthu. Ndiye a Mlezi anadyetsa mabotolo Lamlungu, akudziwa koma osafuna kudziwa.

Lachiwiri m'mawa khungu linakhwima. Mabotolo khumi ochokera ku ka mbewu kaja, onse oyala bwino kuyambira kona mpaka kona, opanda kabowo ngakhale kamodzi. Pa zaka zonsezo sanameretsepo labwino chotero. Apo m'pamene ananyamula foni.

"Auzeni adokotala kuti nambala 58 yakonzeka."

"Nambala 58?" anatero namwino wa kumeneko, mapepala akumveka kutembenuzidwa. "Bedi ya pawindo? Aa, amayi, kodi sanakuuzeni? Anatisiya Lachisanu m'mawa."

A Mlezi anathokoza, monga munthu amathokozera chilichonse pafoni, n'kuika pansi. Anawerenga ndi zala, ngakhale panalibe chowerenga. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Khungu loyamba likanamupeza ali moyo ndi masiku awiri.

Dokotala anabwera masana ndi pepala. Anapepesa kuti sanawauze. Anati tizilombo tinali titalowa kale m'magazi, ndipo mwina ngakhale khungu loyamba silikanagwira. Ananena kuti mwina, ndipo a Mlezi anali atatopa nawo mawu amenewo. Pepalalo linali lovomereza kutaya khungulo. Khungu la munthu ndi la mwini wake yekha, ukaliika pa wina thupi limalikana, choncho lamulo linali lothira mankhwala akupha m'mabotolo onse n'kukawawotcha. Dokotala anasaina. A Mlezi anapinda pepalalo n'kuika m'thumba la chovala choyera, anati achita mawa. Mawa lake sanachite. Lachinayi anapezeka atenthetsa madzi ofiirira n'kudyetsa mabotolo onse khumi, akudzinena okha kuti ndi chitsiru cha nkhalamba. Ankadziwa kuti khungu lokhwima silidikira, pakatha masiku ochepa limayamba kupindika m'mbali n'kufa lokha.

Lachisanu m'mawa anamupeza mzimayi uja pabenchi. Anali ataonda, maso atalowa, koma ufa unali m'zikhadabo monga kale. Ana sanasiye kudya chifukwa cha maliro.

"Ndabwera kudzathokoza, amayi. Munayesetsa."

A Mlezi anangogwedeza mutu.

"Komanso ndimati ndifunse." Mzimayiyo anayang'ana chitseko cha labu. "Kodi lilipobe?"

A Mlezi analowa. Anangovala chovala choyera, sanasambe, sanavale magolovesi. Anatsegula kabati, anasankha botolo limodzi, n'kutuluka nalo kudutsa zitseko zonse ziwiri mpaka pakhonde, chinthu chimene akanachotsera munthu ntchito akanamuona akuchita. Analiika m'manja a ufa aja. Panalibenso choteteza.

Mzimayiyo analikweza kuloza kuwala kwa windo n'kutsinzinira diso limodzi.

"Sindikuona kanthu. Ndi madzi okhaokha."

"Pendeketsa pang'ono. Yang'ana pansi pake, kotuwirako."

"Kameneka? Ndi iwowo?"

"Ndi khungu lawo."

"Ndi lamoyo?"

"Ndi lamoyo."

Mzimayiyo anagwira botololo ndi zikhatho zonse ziwiri, ndipo nkhope yake inasintha.

"Amayi, lafunda."

"Kabati ija timaitchera pa kufunda kwa thupi la munthu."

"Anali ofunda chonchi," anatero mzimayiyo. "Nyengo yozizira ana ankalimbirana kukhala pamiyendo pawo. Ine ndinkawaseka kuti uvuni unawalowa m'thupi." Analigunditsa patsaya, kenako analilowetsa mkati mwa jekete, pachifuwa, n'kulifungatira. "Ku wodi sankandilola kuwagwira. Masabata atatu athunthu, ngakhale chala. Pamene anandilola anali atazizira kale."

A Mlezi anakhala pabenchipo, pafupi, mapewa akugundana. Anthu ovala zoyera ankadutsa n'kumacheuka.

"Kodi linachedwa chifukwa chiyani, amayi?"

A Mlezi anayang'ana zala zimene zinagwira jeketeyo, ndi ufa woumira m'zikhadabo. Anaganiza za juzi, za kakolala kaja, za kuzizira kwa m'chipinda. Panalibe njira yonenera za juzi osanena za phewa limene mzimayiyu analirirapo.

"Zimachitika, mwanangu," anatero. Anali mawu amene moyo wawo wonse ankadana nawo akamawamva kwa madokotala.

Mzimayiyo anavomera ndi mutu. Anakhala choncho, akugwedezeka pang'onopang'ono ngati wogoneka mwana, mpaka dzuwa linachoka pabenchi n'kufika pakhoma. Kenako anadzidzimuka, anatulutsa botolo lija n'kulikhudza ndi kuseri kwa dzanja.

"Likuzizira, amayi. Kabwezereni msanga, angazizidwe."

A Mlezi analandira ndi manja awiri. Anadutsa chitseko choyamba, anadutsa chachiwiri. Powerama kuti atsegule kabati, pepala lija linamveka likukwinyika m'thumba. Anagoneka botololo pamalo pake, pakati pa anzake asanu ndi anayi, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti madzi asagwedezeke.